Funsani za Agalu: Kodi galu wangayu angaphunzire kunditeteza?

Makalata a mwezi uno achuluka pa nkhani imodzi, aliyense akufuna kudziwa ngati galu wake wamng'ono angathe ntchito yoteteza munthu. Ndasankha asanu, ena ndawafupikitsa koma mawu ndi a eni ake. Amene sindinakuyankheni musadandaule, yankho lanu mulipeza momwemu chifukwa mafunso ake ngofanana.

FUNSO: Akulu, ndili ndi galu wamphongo wa German Shepherd pano ali ndi miyezi 7. Galu ameneyu nde ndi wolusa kale olo ali wamng'ono choncho, mlendo akangolowa pa geti amauwa koopsa ubweya wapamsana wonse kuimirira, pena amathamangira kumbuyo kwanga nkumauwira komweko, ndiye tsiku lina anamuluma mnzanga pachidendene nthawi yoti watembenuka akupita. Anzanga akuti ndapata galu weniweni ndisachedwe ndikamusiye kwa ophunzitsa agalu amuphunzitse kuluma bwinobwino. Ine ndimaweruka usiku kuntchito nde ndimafuna galu woti ndiziyenda naye. Wakonzeka kapena ndidikire kaye?
Wokonda agalu

YANKHO: Achimwene, ndikuyankhani mosapsatira chifukwa apa pakhoza kuvulala munthu. Zomwe mwafotokozazi si za galu wolimba mtima ayi, ndi za galu wamantha. Tawerenganinso kalata yanuyo. Akauwa amathawira kumbuyo kwanu, kutanthauza kuti iyeyo ndi amene akufuna chitetezo kwa inu osati inu kwa iye. Mnzanu uja sanamulume akubwera maso ndi maso, anadikira kaye atembenuke nkumugwira pansi pachidendene. Umu ndi momwe amalumira galu amene akuopa, amangofuna chinthu chomuopsacho chichoke msanga basi. Za ubweya kuimirira anthu ambiri amanamizika nazo amaona ngati ndi ukali, koma ubweya umaimirira thupi likangotekeseka, kaya ndi mantha kaya ndi kusowa chochita, nde mukauphatikiza ndi makutu ogonera kumbuyo, mchira wopanira pakati pa miyendo ndi kauwidwe kothamanga ka mawu aang'ono ngati akulira, dziwani kuti mtima wake suli m'malo.

Galu wa miyezi 7 ndi mwana, sakuyenera kuona mlendo aliyense ngati mdani. Agalu a mitundu ikuluikulu amakhwima maganizo mochedwa, ena pa chaka ndi theka ena mpaka zaka 3, ndipo mtima weniweni woima kutsogolo kwa mbuye wake pakabwera choopsa umatulukira nthawi imeneyo. Ukali wotulukira pa miyezi 7 kawirikawiri pansi pake pamakhala mantha. Chondipatsako chiyembekezo ndi choti pakati pa miyezi 6 ndi 14 agalu ambiri amadutsa mu kanyengo kena kamantha, galu yemwe dzulo anali bwinobwino lero akuuwa bini ya zinyalala yomwe wakhala akuidutsa tsiku ndi tsiku. Kanyengoka kamatha ngati simunamukakamize kapena kumuopseza. Mwina wanuyo ali mmenemo, koma poti waluma kale munthu sindingakuuzeni kuti mungokhala nkumadikira.

Mwina mukuti nanga bwanji osangomuphunzitsa kuti mantha akewo agwire ntchito. Taganizani chomwe galu wamantha amatolapo akamaphunzitsidwa kuluma. Amatolapo kuti ndikaopa chinthu ndiziluma, chimachoka. Vuto ndi loti zomwe amaopa ndi zambirimbiri ndipo sasiyanitsa, mwana akuthamanga akukuwa, agogo oyendera ndodo, munthu wafunda ambulera, woledzera akudzandira, onsewo aziwaluma. Koma tsiku lobwera wachifwamba weniweni yemwe sabwerera m'mbuyo, akubwera ndi chibonga akukalipa, galu yemweyo nde woyamba kuliyatsa liwiro kukusiyani nokha. Ndazionapo kangapo konse ndipo zimandiwawa, chifukwa akaluma mwana wa eni ake wophedwa amakhala galu chonsecho anamulakwitsa ndi anthu.

Eni ake a mtundu muli nawowu vuto limeneli analidziwa kalekale. Max von Stephanitz anayambitsa bungwe la German Shepherd ku Germany mu 1899, ndipo mu 1901 kunayamba mayeso otchedwa Schutzhund, cholinga chake kunali kuona agalu a mtima wokhazikika kuti amenewo ndi amene aziswana. Masiku ano amati IGP, ndipo ali ndi zigawo zitatu, kutsata fungo, kumvera ndi kuteteza. Koma galu saloledwa kulowamo asanakhoze kaye mayeso ena otchedwa BH omwe amayamba pa miyezi 15, ndipo mmenemo mulibe zoluma olo pang'ono. Amamuyendetsa pamsewu pakati pa anthu, njinga ikudutsa, galimoto, munthu akuthamanga, agalu ena, kenako amamumangirira penapake mwini wake nkubisala, wina nkudutsa chapafupi ndi galu wake. Akangofuna kuluma kapena kuonetsa mantha opyola muyezo walephera pompo. Mayeso a IGP enieniwo amayamba pa miyezi 18. Nde onani, anthu amene akhala pa ntchito imeneyi zaka zoposa 100 amayamba ndi kuona ngati galu angakhale mwamtendere pakati pa anthu, zoluma zimabwera pambuyo. Wanuyo lero mayeso oyambawo sangakhoze.

Chochita ndi ichi. Anzanu aja asiye kumuputa pofuna kuona ukali wake, inunso musamamuyamikire akauwa mlendo. Mlendo akamabwera galu akhale pa chingwe patali ndithu, pomwe akumuona munthuyo koma sanayambe kutekeseka, mlendoyo asamuyang'ane m'maso asamutambasulire dzanja angokhala ngati galu kulibe, inu muzimupatsa tizakudya tomwe amatikonda akakhala phee. Mtunda uzichepa pang'onopang'ono, osathamanga. Mupitenso naye kwa a vetenale amuone makutu, mano ndi miyendo chifukwa ululu nawo umalusitsa galu, ndipo ngati mungapeze katswiri wa khalidwe la agalu musanyozere. Za kuyenda usiku zija, German Shepherd wamkulu woyenda mwaulemu pambali panu pa chingwe anthu oipa ambiri amangomuonera patali, sadziwa kuti anaphunzira chani. Zimenezo mungathe kuzifikira. Zoluma ayi.

FUNSO: Bambo, ine ndi mayi wa ana awiri, bambo a kunyumba amayendayenda pa ntchito nde tinagula Rottweiler wamkazi kuti azititeteza. Pano ali ndi miyezi 10 koma aaa galu wake ndi wokonda anthu zedi, aliyense akabwera amathamangira kukamununkhiza nkumafuna kusisitidwa, kuuwa sauwa nkomwe, ntchito kusewera ndi mpira ndi kukoka zovala zanga pachingwe ndikachapa. Bambo akuti tinangotaya ndalama timugulitse tipeze wina wolusa. Pali njira yoti ndingamuyese ndekha kuti ndidziwe ngati angathe?
Mayi wokhumudwa

YANKHO: Mayi, chonde musamugulitse kaye. Pa makalata onse a mwezi uno galu wanu ndi amene ndikanakonda nditamuona ndi maso. Kukonda anthu pa miyezi 10 si chilema, galu amene saopa munthu ndi amene kutsogoloku angathe kulimbana ndi munthu, komanso ndi amene angasiyanitse mlendo wabwino ndi wobwera ndi zoipa chifukwa anthu abwino wawaona ambiri akudziwa mmene amayendera. Kukoka zovala kuja ndikudziwa kukukwiyitsani, koma kwa ophunzitsa agalu ndi nkhani yabwino, ndifotokoza.

Mayeso musachitire pakhomo, pakhomo galu aliyense ndi ngwazi. Pitani naye malo oti sanafikeko ali pa chingwe chachitali, wina azijambula pa foni kuti mukaonerenso mwachifatse, ndipo mubwereze masiku angapo osiyana chifukwa galu naye ali ndi masiku oipa, makamaka wamkazi akakhala pa nyengo yofuna amphongo khalidwe limasinthako.

Choyamba kuona ndi mmene amabwererera m'chimake akadzidzimuka. Wina agwetse chivindikiro cha poto kapena chitini pa simenti chapatali pang'ono, kapena atsegule ambulera mwadzidzidzi. Kudzidzimuka si vuto, chamoyo chilichonse chimadzidzimuka. Inu muziwerenga nthawi. Galu wabwino amadumpha, nkuima, pakangopita timasekondi tochepa wapita yekha kukanunkhiza chinthucho mchira uli m'mwamba, koma amene patha mphindi 5 adakali kunjenjemera, akukana olo chakudya, akukokera kobwerera, ameneyo ntchitoyi si yake. Ine pa zonse chimenechi ndimachiika patsogolo, chifukwa kumvera mungamuphunzitse, kuluma mungamuphunzitse, koma mtima wotere mbali yaikulu amabadwa nawo, maphunziro amangowonjezerapo pang'ono. Muonenso mmene amapondera malo achilendo, matailosi oterera, masitepe a zitsulo ooneka pansi, chipinda chamdima, pepala lapulasitiki lolira akaliponda. Pali agalu ooneka olimba pa udzu koma kungowaika poterera miyendo gwa, safunanso kusuntha, pomwe zoopsa sizisankha malo.

Tsopano za zovala zija. Mangani chiguduli kapena thaulo lakale ku chingwe muzilikoka pansi mokhotakhota ngati kanyama kakuthawa. Chilakolako chothamangitsa ndi kugwira chinthu choyenda ophunzitsa agalu amachitcha prey drive, ndipo maphunziro onse oluma a galu wamng'ono amayambira pamenepa, ngati sewero, osati pa mkwiyo. Inu muone kagwiridwe kake. Wabwino amagwira modzaza m'kamwa monse mpaka mano akumapeto nkukhala phee osatafunatafuna, mukakoka iye nkukokanso. Wogwira ndi timano takutsogolo tokha, kumasiyasiya uku akulira, nthawi zambiri mumtima muli kukayika. Ali chigwirire choncho mumusisite pamutu ndi m'nthiti, mumenyetse phazi pansi, mugwedeze botolo lapulasitiki loti muli timiyala. Akalimbikira kugwira nde zili bwino. Pamapeto pake musiyireni apambane athawe nacho chigudulicho, musamulande mwankhanza, galu amene amapambana ali mwana amakula akudzikhulupirira. Kenako ponyani mpira wake mu udzu wautali, mumugwire kaye pang'ono asaone bwino pomwe wagwera ndiye mumusiye. Amasaka mpaka liti? Wina amanunkhiza kawiri nkubwerera kudzakuyang'anani, wina amasaka mpaka aupeze olo patenge nthawi, ndipo wachiwiriyu ndi galu wosagonja msanga.

Pali mbali ina yomwe kwa inu ndi yofunika kuposa zonsezi poti m'nyumba muli ana. Sewero likatha amatha kugona phee kapena amangozungulirazungulira kufunafuna choluma? Mukamuonetsa mpira wina amasiya womwe wagwirawo? Ana akamadutsa pafupi ndi mbale yake amauma thupi nkumawayang'ana cham'mbali? Ngati amauma thupi kapena kuonetsa mano kwa ana, iwalani kaye za kuteteza mukonze zimenezo. Ndipo mawu oti siya, akuti alavule chomwe wagwira nthawi yomweyo, ayambe kuwaphunzira panopa pa zoseweretsa. Galu woluma koma wosamva siya ndi ngozi m'nyumba mwanu momwe.

Chimodzi chokha musayese, chouza munthu kuti abisale pa tchire amuvumbulukire ndi ndodo kuti muone ngati angakutetezeni. Anthu amakonda zimenezi koma pa miyezi 10 kuopsezedwa kamodzi kokha kungathe kumuswa mtima mpaka kalekale. Mayeso amenewo alipo inde, koma amachitika galu atakhwima ndipo amachita ndi munthu wozolowera ntchitoyo, wodziwa kuwerenga galu, yemwe amabwerera m'mbuyo pa nthawi yake kuti galu aone ngati wapambana.

Ndikuuzeninso zoona mayi, akhoza kukhoza zonse ndatchulazi koma atakula nkupezeka kuti mtima wolimbana ndi munthu alibe. Zimachitika, ndipo palibe angakulonjezeni lero. Rottweiler amakhwima mochedwa, ambiri amayamba okha kuuwa pa geti chaka chitapitirira, kuona maso a nkhono nkudekha. Ndipo ndikanakhala ine, pa nyumba ya ana awiri, ndikanamuphunzitsa kumvera bwinobwino ndi kuuwa mwamphamvu mukamulamula nkusiya mukamuletsa, basi ndikanalekera pomwepo. Rottweiler woima pakhomo akuuwa ndi mawu akewo wagwira kale ntchito yaikulu yomwe munamugulira. Auzeni bambo awerenge yankholi musanapange chiganizo.

FUNSO: Achimwene, ndikufuna kukasankha kagalu ka Malinois pa tiana 6 tobadwa pamodzi, pano tili ndi masabata 6. Ndinamva kuti pali mayeso ena a tsiku la 49 oti amaonetseratu galu yemwe adzakhale woteteza. Ndi zoona? Kapena ndingotenga komwe kamaluma tinzake kwambiri? Aka ndi koyamba kuweta galu.
Mnyamata wofuna kuyamba

YANKHO: Mayesowo alipodi, odziwika kwambiri ndi a Volhard a ku America, amachitika kagalu kakakwanitsa masiku 49. Amaona ngati kakubwera munthu wachilendo akakaitana, ngati kakumutsatira, mmene kakuchitira akakagoneka chagada kwa kanthawi, ngati kakuthamangira kapepala kokulunga, ndi mmene kakuchitira ndi phokoso. Amathandiza kuona mmene kagaluko kalili lero, koma musawatenge ngati ulosi. Ku Sweden ofufuza awiri, Wilsson ndi Sundgren, anayesa tiana tambiri ta German Shepherd pa masabata 8 nkudzayerekeza ndi mmene tinalili titakula, ndipo zomwe anatulutsa mu 1998 zinaonetsa kuti mayeso a ubwanawo sanathe kulosera kuti ndi ati adzayenere ntchito.

Nde ine ndimati onani makolo, makamaka make. Muuzeni woweta amutulutse mu khola, mumuone mmene akukulandirirani. Ngati make akubisala kapena mwini wake yemwe akuopa kumumasula, chokanipo olo tianato tikongole bwanji, chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere. Funsaninso ngati makolowo ndi a ntchito kapena a chionetsero chabe, chifukwa mu mtundu umodzi womwewo mizere iwiriyi imasiyana mtima. Pa tianato musatenge kobisala pakona chifukwa cha chisoni, komanso kuluma tinzake sikutanthauza kanthu pa zomwe mukufunazo. Tengani komwe kakubwera kokha kwa inu, kokonda kuthamangitsa kansanza, kosachedwa kuiwala kakadzidzimuka.

Musakatenge kasanakwane masabata 8, kwa make ndi abale ake nkomwe kamaphunzira kuti kuluma kwambiri kumapweteka. Scott ndi Fuller, omwe anafufuza agalu zaka zambiri ku Bar Harbor ku America nkutulutsa zotsatira mu 1965, anaonetsa kuti kuyambira masabata 3 mpaka cha m'ma 12 ndi nthawi yomwe kagalu kamazolowera anthu ndi zinthu mosavuta, ikadutsa zimavuta. Nde kakangofika kaziona anthu osiyanasiyana, ana, magalimoto, phokoso, koma poti katemera sanathe muzikanyamula m'manja osakapondetsa poyenda agalu osadziwika, matenda a parvo amapha tiana msanga.

Koma mawu anu omaliza aja andidetsa nkhawa. Malinois, dzina lake linachokera ku mzinda wa Mechelen ku Belgium, ndi galu yemwe apolisi ndi asilikali a mayiko ambiri amamukonda chifukwa satopa ndipo amakonda kugwira ndi mano. Zomwezo ndi zimene zimamusandutsa mtolo kwa munthu woyamba kumene. Amafuna ntchito tsiku lililonse, akaisowa amaipeza yekha pa mipando yanu ndi m'miyendo ya anthu. Ngati mulibe wophunzitsa woti muziyenda naye kuyambira sabata yoyamba, ganizirani mtundu wina wofatsirapo.

FUNSO: Akulu, ena andiuza kuti galu kuti adzakhale woteteza azikhala pa tcheni kapena mu khola lamdima osaona anthu, azingomuona mwini wake yekha pomupatsa chakudya. Wanga ali ndi miyezi 4, ndiyambe pano?
Wofuna kudziwa

YANKHO: Ayi ndithu, musayambe pano kapena tsiku lina lililonse. Galu wokulira mumdima sakhala woteteza, amakhala wosokonezeka. Sanaonepo mwana, sanaonepo njinga, sanaonepo mlendo akupereka moni nkumapita, nde tsiku lomwe tcheni ladukalo chilichonse kwa iye ndi chilombo, ndipo amene amapezeka pafupi nthawi zambiri ndi mwana wa pakhomo pomwepo kapena wa oyandikana nawo. Tcheni imawonjezanso china, galu akaopa sangathawe, nde amazolowera kuti njira yatsala ndi mano basi. Komanso galu ameneyo mungayende naye kuti? Kuteteza munthu kumafuna galu woti mulowe naye pagulu, mukwere naye galimoto, agone pambali panu mukucheza ndi anthu. Agalu apolisi enieni amakula akutengedwa paliponse dala, pa phokoso, pa anthu ambiri, kuti pasakhale chachilendo. Wanuyo pa miyezi 4 mutulutseni, aziyenda nanu, azisewera, alandire katemera yense kuphatikizapo wa chiwewe. Zomumenya kapena kumumana chakudya kuti aluse ndi nkhanza chabe, sizipanga galu wabwino.

FUNSO: Bambo, ndine mtsikana wokhala ndekha, ndili ndi Dobermann wa miyezi 5. Ndapeza wophunzitsa agalu wina akuti ndimusiyire kwa masabata atatu adzabwera atadziwa kuluma ndi kunditeteza, akuti bola ayambe adakali wamng'ono. Anandionetsa vidiyo ya agalu akuluma munthu pamkono nde ndinachita chidwi koma mtima ukukayikabe, sanamuone nkomwe galu wangayo koma wavomera kale. Ndipange bwanji?
Mchemwali wanu

YANKHO: Achemwali, mtima wanuwo ukunena zoona, umvereni. Mtundu mwasankhawo unapangidwira ntchito yomweyi, Louis Dobermann anali wotolera misonkho ku Apolda ku Germany cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 ndipo ankafuna galu womuteteza pa maulendo ake. Nde maganizo anu si olakwika, cholakwika ndi nthawi ndi munthuyo.

Tiyambe ndi thupi. Pa miyezi 5 galu wanu ali m'kati mogula mano, a ubwana aja alipo 28 akuchoka, a ukulu 42 akumera, ndipo zimenezi zimatha cha pa miyezi 6 kapena 7. M'kamwa mukuwawa. Kumukoketsa chinthu mwamphamvu panopa kungathe kumuthyola dzino kapena kumuphunzitsa kuti kugwira kumapweteka, nde adzakula akugwira mokayika. Ophunzitsa odziwa nthawi imeneyi amaimitsa kaye zokokana. Mafupa nawo sanakhwime, kwa agalu akuluakulu malo okulira mafupa amatsekeka pakati pa miyezi 12 ndi 18, kudumphadumpha ndi kugundana ndi munthu isanafike nthawiyo kumawononga mfundo. Musanalowetse ndalama ndi nthawi pa ntchitoyi mujambulitse X-ray ya chiuno ndi zigongono, bungwe la German Shepherd ku Germany limalandira zithunzi kuyambira miyezi 12, bungwe loona za mafupa a nyama la OFA ku America limapereka chiphaso chomaliza pa miyezi 24. Galu wa chiuno chophwanyika sangagwire ntchitoyi olo mtima ukhale wa mkango. Kwa Dobermann palinso ziwiri zoti muwafunse a vetenale, matenda a mtima otchedwa DCM omwe ndi ofala mu mtundu umenewu, ndi a von Willebrand omwe amachititsa kuti magazi azichedwa kuundana galu akavulala.

Tsopano munthuyo. Wavomera galu yemwe sanamuone, pamenepo pokha ine ndatha naye. Wophunzitsa weniweni amayamba wamuyesa galu, ndipo ambiri amawabweza, mukamufunsa kuti ndi angati anawakana chaka chino sasowa yankho. Masabata atatu galu sangaphunzire kuteteza, chomwe chimatheka pa masabata atatu ndi kumumangirira pa mtengo nkumamukwapula ndi kumuopseza mpaka alume posowa kothawira, kenako nkukubwezerani galu wosweka mtima wooneka ngati wolusa. Ntchito yeniyeni imatenga chaka kapena kuposa, imayamba ndi kumvera, ndipo siitha, mumabwererabe kukakumbutsa moyo wake wonse. Chinanso, wophunzira si galu yekha, ndinu. Galu amamvera amene waphunzira naye, nde ngati inu simulipo pa maphunziro adzamvera ndani usiku umenewo?

Vidiyo ya galu akuluma mkono isakukopeni. Agalu ambiri amadziwa chovala chokhuthala cha pamkono chija ngati choseweretsa chawo, munthu akachivula nkuchiponya pansi galu amatsatira chovalacho osati munthu. Pitani mukaone ndi maso, ndipo muone zitatu izi, ngati galu akusiya pa mawu amodzi, ngati akubwerera kwa mwini wake ataitanidwa ali pa liwiro, komanso ngati pakatha mphindi zochepa munthu wolumidwa uja angaime pambali pake nkumacheza ndi mwini galu popanda vuto. Akakana kuti muonerere maphunziro musamusiyire galu.

Mudzifunsenso nokha. M'mayiko ambiri galu akaluma munthu mlandu ndi wa mwini wake, ndipo galu wophunzitsidwa kuluma simungangomusiyira aliyense mukachokapo, simungamusiye pabwalo geti ili pululu, mpanda uyenera kukhala wolimba, alendo akabwera maso anu ali pa iye. Fufuzani malamulo a komwe mukukhala, ndipo ngati nyumba ndi ya lendi eni ake adziwe.

Kuyambira pano mpaka akwane chaka ntchito yanu ndi iyi, aziyenda nanu malo osiyanasiyana, aphunzire kukhala, kugona, kubwera mukamuitana olo pali zomusokoneza, kuyenda pambali panu osakoka, ndi kuvala chotchinga kukamwa mosavutika chifukwa adzachifuna kwa a vetenale komanso pa maphunziro. Mano akamera onse muyambirenso sewero la chiguduli ndi mawu oti siya. Mayeso ndawafotokozera mayi a Rottweiler aja muwachite pa miyezi 10, mubwereze pa 12 ndi pa 15, muzijambula nkumayerekeza ngati akulimba kapena akubwerera m'mbuyo. Mukakhala ndi mavidiyo atatuwo ndi zotsatira za X-ray mundilemberenso, tidzaone limodzi ngati ali woti apite kwa munthu wovala chokhuthala uja.